Chakudya ndi Maso a Banja Lathu: Phunziro la pa Msewu wa ku Nsipe

Amene amayenda ulendo wochokera ku Mangochi kupita ku Lilongwe kudzera ku Liwonde amawadziwa malo otchedwa Nsipe. Mukapitirira Balaka ndi kukhota pa Chingeni, muyenda pang'ono mumsewu wa M1 nkufika pa Nsipe musanalowe pa boma la Ntcheu. Mumsewu umenewu mumadutsa madengu a usipa ndi utaka ochokera kunyanja kupita kumtunda. Mumadutsanso matumba a kabichi, tomato, karoti ndi mbatata ya kachewere ochokera kumapiri a Ntcheu, monga ku Tsangano ndi ku Lizulu, kutsikira kwathu kunyanja.

Wamalonda akamaona katundu ameneyu amaona ndalama. Ife tikufuna tioneko chinthu china. Nsomba zikukwerazo ndi masamba akutsikawo, zikakumana m'mbale imodzi, ndizo zimasunga maso a mwana ndi a munthu wamkulu yemwe. Zikasowa, kapena zikalowedwa m'malo ndi zakudya zina zosayenera, maso amavutika, ndipo nthawi zina amafa osadzabwereranso.

Diso nalo limadya

Kumbuyo kwa diso, m'kati mwenimweni, muli kachikopa kopyapyala kamene kamalandira kuwala ndi kutumiza uthenga ku ubongo. Kuti kachikopa kameneka kagwire ntchito pamene kuwala kwachepa, monga madzulo dzuwa litalowa, kamafuna vitamini A. Thupi silipanga lokha vitamini ameneyu. Limamupeza mu chiwindi, mazira, mkaka ndi nsomba. Limathanso kumupanga kuchokera ku masamba obiriwira kwambiri ndi ku zipatso zachikasu kapena zofiirira m'kati, monga mango, papaya, maungu ndi karoti. Wotsala limamusunga m'chiwindi chathu, ngati m'mene timasungira chimanga m'nkhokwe, ndipo nkhokwe imeneyi ikadzaza imatha kutifikitsa miyezi ingapo.

Nkhokweyo ikayamba kutha, chizindikiro choyamba chimaoneka madzulo. Mwana amene masana amasewera bwinobwino, kukangoda amakhala phee pakhonde, amapunthwa pa mtondo, ndipo pakudya amafufuza mbale ya ndiwo ndi dzanja. Kenaka mbali yoyera ya diso imauma, nkuchita makwinya, ndipo pamatuluka timadontho tooneka ngati thovu la sopo. Zikapitirira, galasi la kutsogolo kwa diso limachita chilonda, limafewa ndi kuphulika. Zimenezi zimatha kuchitika m'masiku ochepa chabe, makamaka ngati mwana wadwala chikuku kapena akutsegula m'mimba, chifukwa matenda amenewa amamaliza msanga vitamini A amene anatsala m'thupi. Diso likafika pamenepo, palibe chakudya kapena mankhwala amene angalibweze.

M'mene zinalili kale

Anthu anadziwa mankhwala a vutoli asanadziwe chimene chimaliyambitsa. Asing'anga akale a ku Egypt ndi ku Greece ankagwiritsa ntchito chiwindi pochiza munthu wosaona usiku. Vitamini A mwiniwakeyo anadziwika m'chaka cha 1913, pamene Elmer McCollum ndi Marguerite Davis a ku America anaona kuti m'mafuta a mkaka ndi mu yolk ya dzira, kachikasu kaja, muli chinthu chimene nyama sizingakule popanda icho.

Dziko la Denmark linaphunzira nkhaniyi ndi misozi. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, batala wambiri wa dzikolo ankagulitsidwa kunja chifukwa mtengo unali wabwino. Ana a anthu osauka anatsala ndi mkaka wochotsedwa mafuta ndi majarini, ndipo dokotala wa ana Carl Bloch anayamba kulandira ana ambiri a maso ouma ndi a zilonda. Mu 1917 nkhondo inatseka njira za panyanja, batala anasiya kutuluka, boma linayamba kumugawa kwa aliyense, ndipo matendawo anazimiririka. Dziko linali ndi chakudya, koma chinkapita kumsika osati m'mbale ya mwana. Tisunge mfundo imeneyi, chifukwa tidzaifuna tikamakamba za kwathu.

M'chaka cha 1986, dokotala wa maso Alfred Sommer ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita m'midzi ya ku Aceh, m'dziko la Indonesia. Anapeza kuti kupatsa ana vitamini A kawiri pachaka kunachepetsa imfa za ana ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Apa mpamene dziko linazindikira kuti mwana amene maso ake akuuma, moyo wake nawonso uli pachiswe.

Kwathu kuno ku Malawi

Malemu Dr Moses Chirambo, amene anali Mmalawi woyamba kukhala dokotala wa maso ndipo pambuyo pake anadzakhala nduna ya zaumoyo, anayendera ana 270 m'malo 17 ophunzitsira ana osaona pamodzi ndi mnzake Dr BenEzra. Zimene anafalitsa mu 1976 zinali zomvetsa chisoni. Ana 73 mwa 100 aliwonse anachita khungu asanakwanitse zaka 3, ndipo chikuku chokha ndicho chinachititsa khungu pafupifupi ana 44 mwa 100 aliwonse.

Mu 1983, Dr Chirambo ndi akatswiri a ku Johns Hopkins University anayeza ana 5,436 osakwana zaka 6 m'chigwa cha Shire. Ana pafupifupi 4 mwa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro za kuuma kwa maso chifukwa chosowa vitamini A. Atafunsa amayi za kadyetsedwe ka ana, anapeza kuti ana odwalawo ambiri anayamba kupatsidwa phala msanga ndipo analetsedwa kuyamwa msanga poyerekeza ndi anzao a maso abwino.

Tikalingalira bwino, sizodabwitsa. Phala la ufa woyera lothira mchere wokha limadzaza mimba koma mulibe vitamini A. Nsima ya kondowole nayo ndi chimodzimodzi. Kuonjezera apo, m'midzi ina munali chikhulupiriro choti mayi woyembekezera akadya mazira adzabereka mwana wopanda tsitsi, ndipo nkhuku ikaphedwa chiwindi chinkapita m'mbale ya abambo kapena ya mlendo. Choncho amene ankafunitsitsa chakudya cha maso, mayi ndi mwana, ndiwo ankachimanidwa.

Zinthu zinasintha

Kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2001 anapeza kuti ana aang'ono 59 mwa 100 aliwonse analibe vitamini A wokwanira m'thupi. Mu 2009 chiwerengero chinatsika kufika pa 22, ndipo pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016 chinali chosakwana ana 4 mwa 100 aliwonse. Kusintha kotere sikunabwere ndi chinthu chimodzi.

Choyamba ndi sikelo. Mwana akakwanitsa miyezi 6 amadontheza m'kamwa mwake kapisozi wa buluu wa vitamini A, ndipo kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 5 amalandira wofiira miyezi 6 iliyonse. Chachiwiri ndi katemera wa chikuku, amene mwana amabaya ali ndi miyezi 9 ndi kubwerezanso ali ndi miyezi 15. Tisaiwale kuti chikuku sichinathe. Mu 2010 chinagwira anthu oposa 130,000 m'dziko muno ndi kupha anthu oposa 300. Chachitatu, vitamini A anayamba kuthiridwa m'zakudya za m'sitolo. Kampani ya Illovo inayamba kumuthira mu shuga mu 2012, ndipo malamulo a dziko lino amafuna kuti mafuta ophikira opangidwa m'mafakitale akhalenso naye.

Chachinayi chinachokera kumunda. Mbatata yofiira m'kati yotchedwa Zondeni inavomerezedwa mu 2008, ndipo mu 2011 kunatuluka mitundu ina: Kadyaubwerere, Anaakwanire, Kaphulira, Mathuthu ndi Chipika. Mbatata imodzi yaing'ono yophika ya mtundu umenewu imakwanira kupatsa mwana wamng'ono vitamini A wa tsiku lonse. Ntchito yofalitsa mbatata yotere inali yaikulu kotero kuti mu 2016 akatswiri ake, kuphatikizapo Dr Maria Andrade amene ankagwira ntchito ku Mozambique, analandira mphotho ya World Food Prize.

Munda ndi mphika wa ku Nsipe

Dera la Nsipe ndi la alimi a minda ing'onoing'ono, amene mbeu yao yaikulu ndi chimanga. Kuyambira mu 2012, dera la zaulimi la Nsipe, pamodzi ndi Kandeu ku Ntcheu komweko ndi Linthipe ndi Golomoti ku Dedza, linasankhidwa kuti kuchitikire ntchito ya Africa RISING, imene munali akatswiri a ku Michigan State University ndi a ku Bunda. Alimi ankayesa m'minda mwao kubzala mtedza, soya, khobwe ndi nandolo mwa kasinthasintha ndi chimanga, komanso kubzala mtedza ndi nandolo m'munda umodzi. Cholinga chachikulu chinali kubwezeretsa chonde m'nthaka ndi kuchulukitsa mitundu ya zakudya pakhomo.

Wina afunsa kuti, kodi mtedza ndi nandolo zikugwirizana bwanji ndi maso, popeza mulibe vitamini A? Yankho lili mumphika. Vitamini A wa m'masamba salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Nkhwani yophika ndi madzi ndi mchere wokha imapindulitsa pang'ono, koma nkhwani yomweyo yotendera imapindulitsa kwambiri, chifukwa mafuta a mu nsinjiro ndiwo amanyamula vitaminiyo kuchoka m'matumbo kulowa m'magazi. Ndiponso kuti vitamini A achoke m'chiwindi ndi kufika ku diso, thupi limafuna zakudya zomanga thupi, zimene nyemba, nandolo, soya ndi nsomba zimapereka. Munda wa khobwe umaperekanso chitambe, wa nyemba khwanya, wa maungu nkhwani, wa mbatata kholowa. Agogo athu amene ankatendera ndiwo sankadziwa dzina la vitamini, koma ankachita zoyenera.

Vuto la mlimi wa ku Ntcheu ndi lofanana ndi la ku Denmark lija. Karoti, tomato, mazira ndi mtedza zili ndi msika, ndipo pakhomo pakafunika fizi, feteleza kapena sopo, nkosavuta kugulitsa zonse ndi kusiyira ana nsima ndi kabichi. Kabichi ndi ndiwo yabwino, koma masamba ake oyera a m'kati ali ndi vitamini A wochepa kwambiri poyerekeza ndi bonongwe, chisoso kapena luni amene amamera okha kuseri kwa nyumba popanda wowagula.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Nthawi ya mvula masamba amachuluka, ndipo nthawi ya mango ana amakhuta zipatso. Koma kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, amene alibe dimba amadalira mfutso. Pofutsa, tiwiritse masamba kanthawi kochepa ndi kuwayanika pamthunzi pamene pakupita mphepo, pakuti dzuwa loomba mwachindunji limaononga gawo lalikulu la vitaminiyo. Mfutso wabwino amakhala wobiriwirabe. Amene wasanduka ngati fodya watsala ndi zochepa.

Nanga ife a kunyanja?

Ife a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota tili ndi chimene a kumtunda amachita kugula. Nsomba zing'onozing'ono zodyedwa zathunthu, mutu ndi zam'kati zomwe, zimapatsa thupi zambiri kuposa mnofu wokha wa nsomba yaikulu. Mafuta a nsomba ndi ofunika pomanga kachikopa ka kumbuyo kwa diso kaja, makamaka mwana akali m'mimba ndi pamene akuyamwa. Usipa wauwisi kapena wofutsa woyanikidwa kanthawi kochepa umaposa umene wakhala masiku ambiri padzuwa. Kwa mwana wamng'ono, tisinje nsomba zouma kukhala ufa ndi kuthira m'phala pamodzi ndi nsinjiro ndi masamba osinja.

Koma nafenso tili ndi msampha womwewo. Ngalawa ikafika padoko, nsomba zonse zimatha kulowa m'dengu la wogula, ana nkudyera nsima ndiwo za dzana. Ndipo popeza tinazolowera kunena kuti popanda nsomba sitinadye, masamba timawaona ngati ndiwo za umphawi. Amene timadya kondowole tikumbukire kuti chuma cha chinangwa ku maso chili m'masamba ake. Chigwada chosinjidwa bwino, chophikidwa mpaka kupsa ndi kutendera, nchimodzi mwa ndiwo zabwino koposa. Mtengo wa chammwamba, umene umakonda kwathu kotentha kuno, nawo masamba ake ali ndi vitamini A wambiri, ndipo papaya amabereka chaka chonse ngati wabzalidwa pamene timatayira madzi otsukira mbale.

Pa Eid ya kuzinga nyama, mbuzi ndi ng'ombe zikamagawidwa, tisaiwale ana pa chiwindi. Kachidutswa kakang'ono kamadzaza nkhokwe ya mwana kwa nthawi ndithu. Koma amayi oyembekezera asadye chiwindi chambiri kapena pafupipafupi, ndipo asamwe kapisozi wa vitamini A wa ana, chifukwa vitaminiyu akachulukitsa amatha kuvulaza mwana wosabadwa. Iwo adalire masamba, zipatso, mazira ndi nsomba. Chimodzimodzinso, tisatengere mwana kumalo awiri kuti akalandire kapisozi kawiri. Tiyende ndi buku lake la kusikelo kuti alangizi a zaumoyo aone pamene analandira komaliza.

Mdani watsopano wa maso

Kale maso ankafa ndi kusowa. Masiku ano ayambanso kufa ndi kuchuluka kwa zakudya zina. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti akuluakulu oposa 5 mwa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi matenda a shuga, ndipo ambiri sankadziwa. Shuga akakhala wokwera m'magazi kwa zaka, amaononga timitsempha ting'onoting'ono ta kumbuyo kwa diso. Timayamba kudontha, kutsekeka ndi kutulutsa magazi. Choopsa chake nchakuti munthu samva ululu, ndipo amapitiriza kuona bwino kufikira zinthu zitaonongeka kale. Madokotala atayeza odwala shuga 357 a pa zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Zomba Central, anapeza kuti theka la iwo maso anali atayamba kale kukhudzidwa, ndipo pafupifupi 3 mwa 10 aliwonse anali pachiopsezo cha kusiya kuona.

Pano tiyenera kusamala ndi ganizo lina lonyenga. Nzoona kuti mu shuga wa m'sitolo muli vitamini A, koma chimenecho si chifukwa chothirira masipuni anayi mu kapu ya tiyi. Anamuthira m'menemo chifukwa anthu amadya kale shuga, osati kuti tidye wambiri. Zakumwa zozizilitsa kukhosi, mandasi, buledi woyera ndi mitanda ikuluikulu ya nsima ya ufa woyera, pamodzi ndi kukhala pansi tsiku lonse m'sitolo kapena mu ofesi, ndizo zimanenepetsa ndi kuitana shuga. Mgaiwa umaposa ufa woyera. Mbale yabwino ndi imene ndiwo zamasamba zikupikisana ndi nsima kukula kwake.

M'mwezi wa Ramadhan nkhaniyi imatikhudza kwambiri. Pomasula, ambiri timathamangira tiyi wotsekemera kwambiri ndi zokazinga. Futali wa mbatata yofiira m'kati wothira nsinjiro, chipatso, masamba ndi nsomba zimabwezera mphamvu popanda kulemetsa thupi. Amene ali ndi matenda a shuga aonane ndi dokotala mwezi usanayambe, kuti awauze ngati angathe kumanga ndi m'mene angamwere mankhwala. Aliyense wodwala shuga apemphe kuyezedwa m'kati mwa maso kamodzi pachaka ngakhale akuona bwino, ndipo aziyezetsanso kuthamanga kwa magazi, pakuti matenda awiriwa akaphatikizana amaononga maso msanga. Mchere wambiri, kuphatikizapo wa mu nsomba zouma zothira mchere, umakweza kuthamanga kwa magazi.

Zimene chakudya sichingathe

Tisanamizane kuti matenda onse a maso amatha ndi ndiwo. Ng'ala, imene imachititsa khungu agogo athu ambiri, siisungunuka ndi karoti kapena mankhwala odontheza. Imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, imene imachitika ku zipatala za maso za Lions ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ku Zomba, ku Nkhoma ndi kwina. Wa ku Nsipe ayambire pa chipatala chapafupi kapena pa chipatala cha boma cha Ntcheu, wa kunyanja pa chipatala cha boma lake, ndipo akamutumiza koyenera. Chimene tingachite ndi kuchedwetsa ng'alayo posiya fodya, posamala shuga, ndi povala chipewa tikakhala nthawi yaitali padzuwa la panyanja. Mwana amene saona bwino pa bolodi kusukulu kawirikawiri amafunika magalasi, ndipo munthu wopitirira zaka 40 amene zilembo zayamba kumuvuta nayenso ndi magalasi. Matenda a trachoma, amene bungwe la WHO linalengeza mu 2022 kuti salinso vuto lalikulu m'Malawi, anagonja ndi mankhwala, opaleshoni, madzi, zimbudzi ndi kusukusula nkhope za ana.

Chinanso, zimene zili zabwino m'kamwa si zabwino m'diso. Kafukufuku wina wa ku Chikwawa ndi Mulanje amene anafalitsidwa mu 1994 anaonetsa kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse amene anafika kuchipatala ndi chilonda pa galasi la diso anali atathira kale mankhwala achikuda. Madzi a masamba, shuga, mandimu kapena mkaka wa m'mawere zisalowe m'diso lodwala. Zimabweretsa tizilombo, zimaotcha, ndipo zimachedwetsa munthu kupita kumene angathandizidwe.

Ntchito ya pakhomo pathu

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, kuyambira ndi mkaka woyamba wachikasu uja umene uli ndi vitamini A wambiri, ndipo apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 uku akudya zina. Tsiku lililonse pakhale chobiriwira kapena chachikasu m'mbale yake, ndi kamafuta kapena nsinjiro. Akhale ndi mbale yakeyake, kuti akuluakulu asammalizire ndiwo iye akali kupota mbamu yoyamba. Masamba tisawaphike mpaka kusuluka, ndipo soda tichepetse.

Abambo, nkhaniyi si ya amayi okha. Ndinu amene mumalamula kuti ndi nsomba zingati zitsale pakhomo ngalawa ikafika, ndi mazira angati apite kumsika, ndi mizere ingati ya munda ikhale ya mbatata yofiira m'kati. Mukamadutsa pa Nsipe kapena pa Lizulu pobwerera kunyanja, mulu umodzi wa karoti kapena dzungu limodzi ndi mphatso yoposa paketi ya masiwiti.

Ndipo madzulo ano, dzuwa likalowa, tiyeni tiwayang'anitsitse ana athu. Ngati alipo amene akupunthwa pamene anzake akuthamanga, amene diso lake lauma kapena lachita kadontho koyera, kapena amene wadwala chikuku ndipo akukana kutsegula maso, tisadikire tsiku la sikelo. Timutengere kuchipatala msanga, pakuti akafika nthawi yabwino amapatsidwa vitamini A tsiku lomwelo ndi lotsatira lake, ndipo maso ake amapulumuka.